Makilomita 245 a Mlengalenga: Njira ya Chileka ndi Lilongwe Pamwamba pa Dedza

Munthu amene ali m'dimba lake la mbatata ya kacheŵere kumapiri a Dedza, nyengo ya chilimwe kumwamba kuli mbee, amamva nthaŵi zina kulira kwa ndege kuchokera chakummwera. Akaŵeramuka ndi kutchinga dzuŵa ndi dzanja, amaona kanthu konyezimira kakulunjika kumpoto, ndipo asanamalize kupalira mzere umene wayamba, kanthuko kazimirira kale. Kaŵirikaŵiri ndege yotero imakhala itanyamuka pa bwalo la Chileka ku Blantyre, ikunka kukatera pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, kumpoto kwa mzinda wa Lilongwe. Anthu amene ali m'menemo amakhala m'mwamba theka la ola kapena kupitirirapo pang'ono. Agogo a mlimi uja ankayenda ulendo womwewo masabata aŵiri, katundu wa mwini ali pamutu.

Kutalika kwa ulendowu n'kosavuta kukuyesa. Mwana wa sukulu atatenga ulusi ndi kuika nsonga imodzi pa Chileka, inayo pa Lumbadzi, pa mapu a dziko lino, adzapeza kuti pakati pa mabwalo aŵiriŵa pali makilomita pafupifupi 245, ndiwo mamailosi 152. Msewu wa tala wodzera ku Zalewa, Ntcheu ndi Dedza uli ndi makilomita oposa 300 kuchokera ku Blantyre kufika mumzinda wa Lilongwe, ndipo kuti munthu akafike ku Lumbadzi awonjezepo ena 25. Komatu ulusi uja uli ndi china chimene umaulula. Ukachoka pa Chileka umaoloka mtsinje wa Shire, umakwera mapiri a kummwera kwa Ntcheu, kenaka umatulukiratu m'Malaŵi. Kwa mtunda ndithu umayenda pamwamba pa dera la Angónia ku Mozambique, nudutsa pafupi kwambiri ndi tauni ya Ulongwe, imene Apwitikizi ankaitcha Vila Coutinho. Umadzaloŵanso m'Malaŵi chakumadzulo kwa boma la Dedza. Ndiye kuti njira yachidule pakati pa mizinda iŵiri ikuluikulu ya Malaŵi imadzera m'dziko la eni. Masiku a mtendere palibe amene amasamala zimenezo, koma lidalipo tsiku limene zidatengetsa miyoyo ya anthu.

Malire amene ulusiwo umadumpha kaŵiri adalembedwa mu 1891, pamene Angerezi ndi Apwitikizi adasainirana pangano ku Lisbon. Adagwirizana kuti malire atsate msana wa mtunda, pamene madzi a mvula amapatukirana: ogwa mbali ino atsikira ku Nyanja ya Malaŵi ndi ku Shire, ogwa mbali inayo atsata mtsinje wa Revúbuè kunka ku Zambezi. Pa pepala nzeruyo idaoneka yolongosoka. Pansi pano, msanawo udali pakati penipeni pa dziko la Angoni a kwa Maseko, amene adali atakhazikika patsinde pa phiri la Domwe, ndiponso pakati pa midzi ya Acheŵa imene idali ya mbumba imodzi. Munthu adagona ali ndi mlongo wake kutsidya kwa dambo, nadzuka mlongoyo ali nzika ya mfumu ina ya ku Ulaya. Inkosi Gomani Woyamba, amene sadafune kugonjera ulamuliro watsopanowo, adaphedwa ndi asilikali a Angerezi mu 1896. Mpaka lero msewu waukulu pakati pa Dedza ndi Ntcheu umatsata malirewo mtunda wautali, kotero kuti pa Lizulu wogula kabichi amangooloka msewu ndipo ali ku Mozambique.

Pa zaka zoyamba za utsamunda, chilichonse chochokera ku Blantyre kupita kuchigawo cha pakati chinkayenda pamutu pa munthu. Anthu ameneŵa ankatchedwa amtengatenga. Mtolo wa munthu mmodzi unkalemera makilogalamu pafupifupi 25, ndipo ulendo wa tsiku limodzi unkakhala makilomita 25 kapena 30, kulingana ndi mapiri ndi mitsinje. Mzungu mwini ankagona m'machila, anyamata akusinthana mapewa ndi kuthamanga naye. Nsalu, mchere, malata, mabuku ndi mabelu a matchalitchi a amishoni a Dutch ku Nkhoma, ku Mlanda ndi ku Mphunzi, ndiponso a Abambo Oyera amene adafika ku Mua mu 1902 nadzakwera ku Bembeke pambuyo pake, zonsezi zidafika pamutu pa munthu. Wochokera kuchigwa cha Shire, kumene kumatentha usiku ndi usana, ankafika pa Dedza atavala kansalu kamodzi, napeza mphepo ya mwezi wa Juni yoloŵa mpaka m'mafupa. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo ndiyo tauni yokwera kuposa zonse m'Malaŵi. Phiri limene lili kumbuyo kwake limafika mamita 2,198.

Ntchito ya mtengatenga idafika poipitsitsa pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene akuluakulu ankaitcha nkhondo ya Chiŵaya. Amuna pafupifupi 200,000 a m'dziko la Nyasaland adatengedwa, ambiri mokakamizidwa, kukasenza chakudya ndi zipolopolo za asilikali omenyana ndi Ajeremani kumpoto. Ambiri adafera m'njira ndi njala, kamwazi ndi chibayo, ndipo amene adabwerako adadzapezananso ndi mliri wa fuluwenza wa 1918. Amene amayamikira liŵiro la ndege ayenera kudziŵa kuti muyeso woyamba wa mtunda m'dziko muno udali phazi la munthu wosenza.

Galimoto idabwera ndi fodya. Kuyambira 1920, A.F. Barron ndi R.W.J. Wallace adatsegula minda ku Mbabzi pafupi ndi Lilongwe, nayamba kugula fodya wochiza ndi utsi kwa alimi a m'midzi. Fodyayo ankafunika kukafika ku Limbe, kumene kudali fakitale ya Imperial Tobacco Company ndi njanji yopita kunyanja yamchere. Motero malole adayamba kukwera ndi kutsika mapiri a Dedza pa msewu wa dothi, umene m'chilimwe unkafuka fumbi, m'dzinja nusanduka phala. Mlatho ukakokoloka pa Linthipe kapena pa Diamphwe, ulendo unkaima mpaka madzi ataphwa. Njanji, imene idafika ku Blantyre mu 1908, idapitirizidwa mpaka ku Salima mu 1935, koma amisiri ake adawaopa mapiri. Adaidutsitsa m'munsi, ku Golomoti ndi ku Mtakataka, kumene dziko ndi lathyathyathya. Munthu wa pa Dedza wofuna sitima ankayenera kutsika chitunda chonse, ndipo dzina loti Khwekhwerere, limene anthu adapatsa msewu wotsikira ku Golomoti, likulongosola lokha m'mene kutsikako kudaliri.

Ndege zoyamba zonyamula anthu sizidalabadire za Lilongwe. Mu 1931 C.J. Christowitz, amene adali ndi kampani ya malole ku Blantyre, adayambitsa maulendo a ndege zing'onozing'ono opita ku Beira ndi ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare. Posapita nthaŵi ntchito yake idaloŵa m'manja mwa kampani ya Rhodesia and Nyasaland Airways, imene idakhazikitsidwa mu 1933. Maso a atsamunda adali kunja, ku doko ndi ku Rhodesia, kumene kunkachokera makalata, ndalama ndi malamulo. Lilongwe pa nthaŵiyo adali kaboma ka masitolo a Amwenye m'mbali mwa mtsinje. Kampani ya Central African Airways, imene idayamba mu 1946, ndiyo idadzalumikiza maboma a m'kati mwa dziko. M'zaka za m'ma 1950 idabweretsa ndege za mtundu wa Beaver zopangidwa ku Canada, za injini imodzi, zonyamula anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, zokhoza kutera pa bwalo lalifupi la udzu. Beaver inkathamanga makilomita pafupifupi 200 pa ola, choncho kuchokera pa Chileka kufika ku Lilongwe inkatha ola limodzi ndi mphindi zina. Ulendo wa masabata aŵiri udafupika chomwecho m'moyo wa munthu mmodzi. Analipo ndithu nkhalamba ku Dedza amene adasenzapo machila ali anyamata, nakhala ndi moyo mpaka kuona bwanamkubwa akudutsa pamwamba pa nyumba zawo.

Okwera ndegezo adali a boma, ogula fodya, amishoni ndi matumba a makalata. Anthu wamba a m'midzi amene adayamba kuloŵa m'ndege mwaunyinji sadakwere kuti apite ku Blantyre kapena ku Lilongwe, koma ku migodi ya ku Joni. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 bungwe la Wenela linkanyamula amuna pa ndege kukawasiya ku Francistown m'dziko la Botswana, kumene ankakwera sitima. Amuna ambiri a ku Dedza ndi ku Ntcheu adaona mapiri a kwawo kuchokera kumwamba kwa nthaŵi yoyamba pa ulendo umenewo. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa itangonyamuka ku Francistown, ndipo Amalaŵi oposa 70 amene ankabwerera kwawo adafa. Dr. H. Kamuzu Banda adaletsa pomwepo kulemba anthu ntchito ya kumigodi, ndipo chiletsocho chidakhala zaka zingapo.

Bwalo la Chileka lili ndi malo ake m'mbiri ya ufulu. Ndi pamenepo pamene Dr. Banda adatsikira pa 6 Julayi 1958, atakhala kunja zaka zoposa 40, ndipo ndi pomweponso pamene adakwezedwa ndege pa 3 Malichi 1959 kupita kundende ya ku Gwelo. Mwiniwake ankakonda kunena kuti ali m'ndendemo ndi pamene adalota zosamutsa likulu la dziko kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe. Lotolo ndilo lidasandutsa kanjira ka Beaver kukhala njira yofunika kuposa zonse za mlengalenga m'Malaŵi. Maiko ambiri adakana kupereka ndalama za ntchitoyo, ndipo ngongole yoyamba, ya marandi 8 miliyoni, idachokera ku boma la tsankho la South Africa mu 1968, chinthu chimene maiko oyandikana nawo sadachiiŵale msanga. Lilongwe adakhala likulu mu 1975. Koma kusamukako kudali kwa theka. Maunduna adapita ku Lilongwe, pamene mabanki, makampani ndi makhoti akuluakulu adatsalira ku Blantyre, Nyumba ya Malamulo nitsalira ku Zomba mpaka m'zaka za m'ma 1990, ndipo Pulezidenti mwini ankakhala kwambiri ku Sanjika. Dziko la mitu iŵiri lidafuna khosi, ndipo khosilo lidali msewu wa pa Dedza ndi ndege zodutsa pamwamba pake.

Kampani ya Air Malawi, imene idabadwa mu 1964 ngati nthambi ya Central African Airways nidziimira payokha mu 1967, idayendetsa njirayi poyamba ndi ndege za Dakota, kenaka ndi za HS 748 zonyamula anthu oposa 40, zimene zidadula ulendowo kufika pansi pa ola limodzi. Bwalo lakale la Lilongwe lidachepa, ndipo latsopano lidamangidwa ku Lumbadzi nilitsegulidwa mu 1983. Msewu wake woterapo ndege ndi wautali makilomita atatu ndi theka, pamene wa pa Chileka ndi wongopitirira pang'ono makilomita aŵiri. Ndege zikuluzikulu za ku Ulaya, monga za British Airways ndi KLM, zidayamba kutera ku Lumbadzi, ndipo wamalonda wa ku Blantyre wopita ku London ankayenera kuyamba wadumpha mapiri a Dedza.

Zonsezi zinkachitika pamene kutsidya kwa msewu kudali moto. Mozambique adalandira ufulu mu 1975, koma posakhalitsa idabuka nkhondo pakati pa boma la Frelimo ndi zigaŵenga za Renamo. Pofika 1986 Renamo idali italimba m'madera ambiri a Tete ndi Zambézia, ndipo anthu a ku Angónia adayamba kukhamukira ku Dedza ndi ku Ntcheu, ana kumbuyo, mbuzi patsogolo. Ambiri sadaikidwe m'misasa ya mpanda. Adangomanga tinyumba m'mbali mwa msewu ndi m'midzi ya abale awo, pakuti chinenero chidali chimodzi, mafumu adali amodzi, ndipo ena maliro ankaikira pamanda amodzi kuyambira kale. Omvera amene adayendapo pa basi m'zaka zimenezo akumbukira m'mene zinkaonekera: kudzanja limodzi masitolo ogumuka opanda madenga, kudzanja linalo mudzi wothithikana ngati chisa cha njuchi. Pomafika kumayambiriro a zaka za m'ma 1990, othaŵa nkhondo m'Malaŵi monse adali ataposa 1 miliyoni.

Pakati pa maboma aŵiriwo padali kukayikirana kwakukulu. Mozambique ankanena kuti Renamo imapeza thandizo ndi pobisala m'Malaŵi, ndipo boma la Malaŵi linkakana. Mu Sepitembala 1986 Samora Machel adabwera ku Blantyre pamodzi ndi Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe kudzakambirana ndi Dr. Banda, ndipo atabwerera kwawo adachenjeza poyera kuti angathe kutseka malire ndi kuika mizinga m'mbali mwake. Mwezi wotsatirawo, pa 19 Okutobala, Machel adafa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini m'dziko la South Africa. Maiko aŵiriwo adasainirana pangano la chitetezo mu Disembala chaka chomwecho, ndipo mu 1987 asilikali a Malaŵi adapita kukalondera njanji ya ku Nacala. Koma pangano la m'maofesi silichotsa mantha mwa msilikali amene ali m'ngalande ndi mfuti, akuyang'ana kumwamba.

Pa 6 Novembala 1987 ndege ya Air Malawi ya mtundu wa Skyvan idanyamuka pa Chileka kupita ku Lilongwe. Skyvan ndi ndege yaing'ono ya injini ziŵiri, yooneka ngati bokosi, yopangidwa ku Belfast. Ilibe zipangizo zosungira mpweya wokwanira m'kati, choncho siuluka patali kwambiri m'mwamba monga zichitira jeti, ndipo pamwamba pa mtunda wokwera kale ngati wa Angónia munthu wa pansi amaiona bwino lomwe. Itafika pafupi ndi Ulongwe, asilikali a boma la Mozambique adaiwombera, ndipo idagwa. Anthu onse 10 amene adali m'menemo, okwera asanu ndi atatu ndi oyendetsa aŵiri, adafera pomwepo. Boma la Mozambique lidati ndegeyo idaloŵa mumlengalenga mwa dziko lawo popanda chilolezo. Anthuwo sadali pa ulendo wa kunja. Adanyamuka m'Malaŵi akupita m'Malaŵi, pa ulendo wosakwana ola limodzi, nafera m'dziko lina, osati kutali kwambiri ndi boma la Dedza.

Akale adati kukhotakhota n'kwa njira, kwalinga mtima n'komweko. Woyendetsa ndege wofuna kukhala m'kati mwa Malaŵi pa ulendowu ayenera kukhotera kum'maŵa, kutsata Ntcheu ndi m'mphepete mwa chitunda choyang'ana kunyanja, ndipo kukhotako kumangowonjezera mphindi zochepa. Chodabwitsa n'chakuti ngoziyo sidasokoneze ubale wa maiko aŵiriwo monga ambiri ankaopera. Onse aŵiri ankafunana: Malaŵi adali atatsekeredwa njanji za ku Beira ndi ku Nacala, katundu wake akuzungulira maulendo ataliatali a malole mpaka ku Durban, ndipo Mozambique ankafuna kuti malire ake a kumpoto akhale ndi mnansi wosam'bisira adani. Joaquim Chissano adadzacheza ku Malaŵi mu 1988. Pangano la mtendere lidasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo m'zaka ziŵiri kapena zitatu zotsatira othaŵa nkhondo ambiri adaoloka msewu kubwerera kuminda yawo.

Mfuti zidatonthola, koma mapiri adakalipo. Bwalo la Chileka lili pa mamita pafupifupi 780, la Lumbadzi pa mamita 1,230, ndipo pakati pawo paima nsonga zopitirira mamita 2,000. M'miyezi ya Juni ndi Julayi mphepo ya chiperoni imabweretsa chifunga chimene chimaphimba Dedza ndi Chongoni mpaka munthu osaona mbuzi imene ili pakhomo pake. M'dzinja mitambo ya mabingu imaunjikana pamwamba pa chitunda nthaŵi ya masana. Ndege zamakono zimakwera pamwamba pa zonsezi, koma zing'onozing'ono zimalimbana nazo maso ndi maso. Dziko lidakumbutsidwa zimenezi pa 10 Juni 2024, pamene ndege ya asilikali yochokera ku Lilongwe idalephera kutera ku Mzuzu chifukwa cha nyengo yoipa, nigwa m'nkhalango ya Chikangawa. Wachiŵiri kwa Pulezidenti, Dr. Saulos Chilima, adafa pamodzi ndi anthu ena asanu ndi atatu. Thupi lake lidapita kwawo ku Nsipe pa msewu, kudzera pa Dedza pomwepa.

Air Malawi idathetsedwa mu 2013 itamira m'ngongole. Kampani imene idaloŵa m'malo mwake, ya boma la Malaŵi mogwirizana ndi Ethiopian Airlines, idayamba ntchito pa 31 Januwale 2014, ndipo ulendo wake woyamba udali womwewu wa pakati pa Blantyre ndi Lilongwe, pa ndege ya Q400 imene imathamanga makilomita oposa 600 pa ola. Komabe woŵerengera bwino sayang'ana mphindi za m'mwamba zokha. Kuchokera mumzinda wa Blantyre kufika pa Chileka pali makilomita 16. Pa bwalo munthu ayenera kufika nthaŵi ikadalipo, kupimitsa katundu ndi kudikira. Akatera ku Lumbadzi atsala ndi makilomita 25 a msewu. Zonse pamodzi zimayandikira maola atatu, pamene galimoto yabwino imatha maola anayi kapena asanu khomo ndi khomo, mwini wake ataimanso pa Lizulu kugula tomato ndi pa Bembeke kugula mbatata.

Kwa munthu wa pa Dedza masamuwo amatembenuka kotheratu. Atafuna kupita ku Blantyre pa ndege, ayenera kuyamba walunjika kumpoto makilomita 85 kufika ku Lilongwe, ndi ena 25 kufika ku Lumbadzi, kenaka auluke makilomita 245 kubwerera kummwera, akuona phiri la kwawo pa zenera. Pa msewu, kuchokera pa Dedza kufika ku Blantyre pali makilomita pafupifupi 230 okha. N'chifukwa chake matumba a kacheŵere, kabichi ndi nyemba za kumapiriŵa zimakwezedwa pa malole madzulo, amalonda atadzikulunga m'mabulangete pamwamba pa katundu, kuti kukamacha akhale atafika pa msika wa Limbe.